Malo a mgodi abiriwira koma sakuchira: kufufuza pamene pagona vuto

Zimachitika chaka ndi chaka. Kampani ya mgodi yasalaza mulu wa miyala ndi dothi lomwe inafukula pokumba, yayalapo nthaka ya pamwamba, yafesa udzu, yabzala mbande. Mu Febuluwale ochita kalondolondo afika, ajambula zithunzi, paliponse pali biriwiri, lipoti n'kutuluka lonena kuti malo akubwerera mwakale. Ikafika Okutobala pamalo pomwepo pali mbee, mphepo ikutenga fumbi kukalitula m'makomo mwa anthu, ndipo mbande zambiri zasanduka timitengo touma. Chaka chotsatira abzalanso, ajambulanso, alembanso. Ndalama zikupita, koma nthaka ili chidwalire.

Kawirikawiri mavuto amakhala awiri pamodzi: nthaka ili ndi nthenda yake, ndipo kayezedwe kathu sikakutha kuiona nthendayo. Ine ndimati yambani mwakonza kayezedwe, chifukwa munthu sangachize chomwe sakuchiona.

Ndikamba kwambiri za dera la Copperbelt ku Zambia, ku Kitwe, Chingola, Mufulira ndi Luanshya, komwe migodi ikuluikulu ya kopa inayamba kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1930. Kumeneko zotsala za migodi zili za mitundu itatu. Pali milu ya miyala ndi dothi lochotsedwa pamwamba, monga yozungulira dzenje la Nchanga ku Chingola. Pali madamu a matope osalala otsala akagaya miyala ndi kuchotsamo kopa. Palinso milu yakuda ya zotsala za mu ng'anjo, monga Black Mountain ku Kitwe. Zitatuzi sizichira mofanana, choncho musamaziphatikize m'nambala imodzi ya lipoti. Nkhalango yomwe migodiyi inadula ndi ya miombo, yomweyo ya mombo, msuku ndi mlombwa yomwe ili m'mapiri a ku Malawi ndi ku Tete, choncho zambiri za pano zigwiranso ntchito pa migodi ya malasha ya ku Rumphi kapena ku Moatize.

Pa dzinja pabiriwira, pa chilimwe palibe kanthu

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo gwero lake ndi nthawi yoyezera. Ku Copperbelt mvula imagwa yoposa mamilimita 1,000 pachaka, pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Epulo. Ndi mvula yotere, ngakhale pa nthaka yakufa pamamera chisoso ndi tiudzu ta chaka chimodzi, makamaka ngati pofesa anathira feteleza. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tiudzuto timafa mu Meyi, mizu yake ndi yosazama, ndipo sitigwira nthaka pa nthawi yomwe ikufunika kugwiridwa kwambiri, pomwe mphepo ya chilimwe ikuomba ndi pomwe mvula yoyamba ikugunda pansi pouma.

Yezani kawiri pachaka, pa masiku ofanana chaka chilichonse. Ulendo woyamba ukhale kumapeto kwa dzinja, cha mu Malichi kapena Epulo, pamene udzu uli ndi ngala ndipo mutha kuuzindikira mtundu wake. Wachiwiri ukhale mu Sepitembala kapena Okutobala mvula isanagwe. Ngati ndalama zilipo za ulendo umodzi wokha, ndingasankhe wa m'chilimwe. Chomwe chili moyo pa nthawi imeneyo ndicho chakhazikikadi.

Komanso lekani kuyerekeza ndi maso kuti "pafupifupi theka paphimbika". Anthu awiri oima pamalo amodzi amatchula manambala osiyana kwambiri. Njira yosavuta ndi iyi. Tambasulani tepi ya mamita 50 pakati pa zikhomo ziwiri. Pa masentimita 50 alionse tsitsani kawaya kowongoka mpaka pansi, mulembe chomwe kakhudza: udzu wosatha, udzu wa chaka chimodzi, chitsamba kapena mtengo, masamba ouma, mwala, kapena nthaka yamaliseche. Mukafika kumapeto mwagwira malo 100, ndipo chiwerengero cha chinthu chilichonse ndicho gawo lake pa 100. Kusiyanitsa udzu wosatha, monga kapinga, tsekera kapena vetiva, ndi wa chaka chimodzi ndi kumene kumaulula zoona. Malo omwe ali ndi 80 pa 100 ya zobiriwira mu Malichi, koma pafupifupi zonse ndi za chaka chimodzi, sanayambe n'komwe kuchira.

Masamba ouma ndi mapesi ogwa pansi musawapeputse. Ndiwo akupanga nthaka yatsopano, ndipo akamachuluka chaka ndi chaka ndi chizindikiro chabwino kuposa kutalika kwa udzu.

Manambala a chaka chino sakugwirizana ndi a chaka chatha

Musanaganize kuti malo asintha, funsani ngati mwayeza pamalo omwewo. GPS ya pa foni imaphonya ndi mamita angapo, ndipo pa mulu wa mgodi mamita asanu okha atha kukuchotsani pa udzu n'kukuikani pa mwala. Zikhomo za mtengo chiswe chimadya, za chitsulo anthu amazula kukagulitsa. Chothandiza ndi kasimenti kakang'ono kokwiriridwa kofanana ndi nthaka, kolembedwa nambala, ndi mulu wa miyala pambali pake. Chithunzi chijambulidwe munthu ataima pa chikhomo chomwecho, kuyang'ana mbali yomweyo, ndipo chithunzi cha chaka chatha chikhale m'manja pojambula chatsopano.

Onaninso amene anasankha malo oyezerawo. Ngati onse ali m'mphepete mwa msewu, kapena m'munsi mwa mulu momwe madzi ndi nthaka yokokoloka zimasonkhana, lipoti lidzakhala lokoma nthawi zonse. Pakhale ena pamwamba, ena pakati pa chitsetso, ena m'munsi, ndipo asankhidwe pa mapu munthu asanapite kukaona pomwe pamera bwino.

Setilaiti ikuti zili bwino, maso akuti ayi

Masiku ano malipoti ambiri amadalira zithunzi za setilaiti, ndipo sizolakwika. Zithunzi za Sentinel-2 ndi za Landsat ndi zaulere. Sentinel-2 imabwerera pamalo amodzi pafupifupi masiku 5 alionse, ndipo kadontho kamodzi pa chithunzi chake kamaimira malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Ka Landsat kamaimira mamita 30, koma ubwino wake ndi wakuti zithunzi zotere zilipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980, choncho mutha kuona momwe malo ankaonekera kale. Kuchokera pa zithunzizi amawerengera nambala yotchedwa NDVI, yomwe imakwera pamene masamba obiriwira achuluka.

NDVI imadziwa kubiriwira kokha, siidziwa dzina la chomera. Chitsamba cha lantana chothithikana chimapereka nambala yokwera ngati nkhalango yabwino, pamene lantana akupondereza mbande zonse za pansi pake. Deliya naye amachita chimodzimodzi. Chigwembe chotambalala mita imodzi sichioneka m'kadontho ka mamita 10, koma chigwembe chomwecho ndicho chidzadule mulu wonse. Pa dzinja mitambo imaphimba zithunzi zambiri, pa chilimwe moto ukadutsa nambala imagwa mwadzidzidzi ngakhale mizu ili moyo. Ndipo mitengo ya miombo ili ndi khalidwe lake: imaphukira masamba atsopano ofiira mu Sepitembala ndi Okutobala mvula isanagwe, zomwe udzu sungachite. Pano ndiye pali mwayi. Mukayerekeza zithunzi za kumapeto kwa chilimwe za zaka zingapo, udzu uli wouma, kubiriwira komwe kukuoneka ndi kwa mitengo ndi zitsamba. Gwiritsani ntchito setilaiti kuti ikuuzeni kopita ndi mapazi, makamaka pa madontho omwe akukhala otumbuluka chaka ndi chaka pamene oyandikana nawo akusintha.

Mbande zikugwira chaka choyamba, zikufa chachiwiri

Apa anthu amathamangira kunena kuti mvula inavuta kapena mbande zinali zofooka, n'kuitanitsa zina ku nazale. Musabzalenso musanakumbe. Tengani khasu ndi piki, fukulani mbande zingapo zakufa ndi zingapo zamoyo, muone mizu. Chaka choyamba mbande imadya za m'dothi lomwe inabwera nalo m'chubu ndi manyowa a m'dzenje. Chaka chachiwiri mizu imatuluka kukakumana ndi nthaka yeniyeni ya mgodi, ndipo imfa imayambira pamenepo.

Ngati muzu waukulu watsika pang'ono kenako n'kupindika kuyenda cham'mbali ngati wagunda simenti, nthaka ndi yotsendereka. Zimakina zolemera zomwe zinasalaza malowo ndi zomwe zinaipondereza. Tsimikizani pobaya chitsulo chosongoka pansi nthaka ili yonyowa, muone pomwe chakanira, kenako mukachite chimodzimodzi m'nkhalango yapafupi. Mutha kutenganso chitini chochotsa pansi, kuchikhomera pang'ono m'nthaka, kuthiramo madzi ndi kuwerenga nthawi yomwe atenge kuti alowe. Mankhwala ake ndi kung'amba nthaka mozama ndi chikhasu cha thirakitala, mopingasa chitsetso osati motsika nacho. Kukulitsa dzenje la mbande kokha kumangopanga mphika womwe madzi amadikhamo.

Ngati mizu ndi yaifupi, yonenepa kunsonga, yakuda, yopanda timizu ting'onoting'ono, ganizirani za asidi kapena kuchuluka kwa zitsulo m'nthaka. Yezani pH, nambala yosonyeza kuwawa kwa nthaka: ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Timapepala toyezera ndi totsika mtengo: sakanizani gawo limodzi la dothi ndi magawo awiri a madzi oyera a mvula, dikirani matope akhale pansi, viikani kapepala. Chachikulu ndi kuyeza mosiyanitsa kuya, pamwamba penipeni, pa masentimita 30, ndi pa 60. Nthaka yoyalidwa pamwamba itha kukhala yabwinobwino pamene pansi pake pali powawa. pH ikatsika pansi pa 5.5 zitsulo monga aluminiyamu ndi kopa zimasungunuka mosavuta n'kuwotcha mizu. Ikatsika pansi pa 4, makamaka ngati madzi otuluka m'munsi mwa mulu akusiya dzimbiri lachikasu kapena lofiirira pa miyala, m'kati muli mwala wa pyrite womwe ukakumana ndi mpweya ndi madzi umapanga asidi. Zikatero laimu wothira kamodzi sakwanira, chifukwa asidiyo amapangikabe kwa zaka zambiri. Pamafunika kuphimba mulu ndi dothi lokwanira loletsa mpweya ndi madzi kulowa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kampani, osati ya anthu obzala mitengo.

Koma musangoganiza kuti pa mgodi paliponse pali asidi. Miyala yambiri ya kopa ya ku Copperbelt ili pamodzi ndi miyala ya mtundu wa laimu, choncho matope ambiri a m'madamu sakhala owawa. Kuthirapo laimu ndi kutaya ndalama. Vuto lawo ndi njala: mulibe chonde chochokera ku zomera zowola, nayitrojeni ndi fosiforasi ndi zochepa, ndipo pamwamba pamauma n'kupanga chikhungwa cholimba. Pa chilimwe mudzaona mchere woyera ukutuluka pamwamba. Pamenepo chofunika ndi manyowa, kompositi, kuphimbira ndi udzu, ndi zomera za m'gulu la nyemba zobwezera chonde monga jelejele ndi ombwe, mitengo yokhalitsa isanabwere. Zotsala za malasha ndiye zimakonda kukhala ndi pyrite, ndipo milu ina ya malasha imayaka yokha m'kati. Mukapeza malo ofunda pansi, onunkha sulufule, pomwe udzu wafa mozungulira, chokanipo ndi kukanena msanga.

Zomera zomwe zabwera zokha nazo zimayankhula. Ku Copperbelt kuli kaluwa kena ka m'banja la mpungabwi, kotchedwa Ocimum centraliafricanum ndi akatswiri a zomera, komwe ofufuza miyala akale ankakatsata chifukwa kamapirira nthaka ya kopa wambiri pomwe zomera zina zimalephera. Mukaona pamalo pachuluka zomera zopirira zoterezi, ndi nansongole, mitengo n'kumakana, nthakayo ipite ku labotale.

Nthawi zina mizu ili bwino ndipo chopha chachokera kumwamba. Masamba opserera m'mbali, pa mitengo yonse ya mbali yomwe mphepo imachokera ku ng'anjo yosungunulira miyala, amaloza ku utsi wa sulufule, womwe anthu a ku Mufulira amautcha senta. Nsonga zodulidwa ndi mbuzi kapena ng'ombe. Tsinde lodyedwa pansi lokutidwa ndi dothi ndi chiswe, chomwe chimakonda kwambiri bulugamu wofooka. Makala pa khungwa ndi moto. Pofuna kudziwa ngati ziweto ndizo zikubwezera malo m'mbuyo, tchingani kamalo kamodzi ndi mpanda, kena kofanana nako mukasiye, muyerekeze pakatha chaka.

Mitengo yobwera yakula, yachilengedwe siikubwerera

Bulugamu, kesha ndi lukina zimakula msanga, ndipo pa lipoti zimaoneka bwino. Zili ndi ntchito yake, kugwira nthaka ndi kupereka mthunzi. Koma ngati lonjezo linali lobwezera nkhalango yomwe inalipo, funso ndi lakuti pansi pa mitengoyo pakumera chiyani. Kuwerenga mitengo yobzalidwa kokha sikungayankhe. Ikani timabwalo ta mamita 10 mbali zonse, muziwerenga padera mbande zomwe zamera zokha, mtundu ndi mtundu, ndipo mitengo yokula muziyeza kunenepa kwake pa mamita 1.3 kuchokera pansi.

Kenako mufunika poyerekezera. Pezani kachigawo ka miombo kapafupi komwe sikanakumbidwe, ka nthaka ndi chitsetso chofanana, muziyeza komweko zonse zomwe mukuyeza pa mgodi, tsiku lomwelo. Chaka cha chilala manambala akatsika konsekonse, mudziwa kuti ndi mvula. Akatsika pa mgodi pokha, vuto ndi la pa mgodi.

Miombo imachedwa kubwerera pa mgodi pa zifukwa zomveka. Munda wosiyidwa umaphukira msanga chifukwa zitsa ndi mizu zili moyo m'nthaka. Pa mgodi zitsa zonse zinazulidwa. Njere za mombo siziuluka ndi mphepo kapena kutengedwa kutali ndi mbalame: khoko limaphulika likauma n'kuponya njere pafupi ndi mtengo womwewo, ndipo njerezo sizikhalitsa m'nthaka. Choncho pakati pa mulu waukulu, kutali ndi nkhalango, mombo sungafike wokha m'zaka zochepa. Chinanso, mombo ndi msuku zimadalira bowa wokhala pa mizu yake, yemwe amazithandiza kuyamwa chakudya m'nthaka yosauka. Ndi chifukwa chake bowa wodyedwa amazulidwa m'nkhalango za miombo. Nthaka ya pamwamba ikaunjikidwa mulu wautali n'kukhala zaka zambiri isanayalidwe, zamoyo za m'kati mwake zimafa, ndipo yomwe imayalidwayo imangokhala dothi. Funsani kampani kuti nthakayo inakhala pa mulu nthawi yaitali bwanji. Ku nazale, sakanizani m'machubu dothi pang'ono lotapa pansi pa mitengo ya mtundu womwewo m'nkhalango. Ndipo pa dzinja lembani m'buku mukaona bowa, nyongolotsi kapena tizulu tatsopano pamalo okonzedwawo, chifukwa zimenezi zikusonyeza kuti nthaka yayamba kukhala ndi moyo.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza owerenga ambiri. Mbande za miombo zimauma kumtunda pa chilimwe kwa zaka zingapo zotsatizana, pamene muzu ukukula pansi, kenako n'kuphukanso mvula ikagwa. Katswiri wa nkhalango wa ku Zambia, Emmanuel Chidumayo, analemba zambiri za khalidwe limeneli. Munthu wosadziwa amalemba kuti mbande yafa, ena n'kubwera kudzakumba pomwepo kuti abzale bulugamu, n'kuwononga muzu womwe unali utagwira. Ikani chizindikiro pa mbande iliyonse, ndipo musailembe kuti yafa mpaka dzinja lotsatira litadutsa osaphuka. Moto ndiwo mdani wake wamkulu, makamaka wa mu Okutobala udzu utauma kwambiri, choncho lambulani njira zotchinga moto udzu ukangoyamba kuuma.

Pabiriwira, ndiye tilimepo kapena tidyetsepo ziweto?

Funso ili limabwera msanga, chifukwa malo ndi osowa ndipo anthu ali ndi njala. Kubiriwira sikutanthauza kuti zomerazo ndi zodyedwa. Ku Kabwe, tauni ina ya ku Zambia, mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero nthaka ya m'makomboni oyandikana nawo ili ndi mtovu wambiri, ndipo ana ambiri apezeka nawo m'magazi. Udzu umamera ndithu pa nthaka yotero. Mtovu suoneka, sununkha, ndipo mwana amaumeza ndi fumbi la m'manja kapena la pa ndiwo zamasamba. Nkhosa nazo sizipirira kopa wambiri m'zakudya, zimaunjika m'chiwindi mpaka kufa.

Izi tepi ndi timapepala ta pH sizingakuuzeni, zimafuna labotale. Tumizani dothi la pamwamba ndi la pansi m'mapepala osiyana, lililonse lolembedwa nambala ya chikhomo ndi tsiku. Tumizaninso masamba a zomera zomwe anthu kapena ziweto zingadye, ena otsuka ndi ena osatsuka, kuti zidziwike ngati chitsulocho chili m'kati mwa tsamba kapena ndi fumbi lomatirira kunja. Phatikizanipo dothi ndi masamba a m'nkhalango yoyerekezera ija. Kufikira zotsatira zitabwera, malowo akhale a mitengo ya milimo ndi udzu wofolera, osati a chigwada, kholowa kapena msipu.

Zotsatirazo zisathere mu ofesi ya kampani. Ku Zambia bungwe loyang'anira za chilengedwe ndi ZEMA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la za chilengedwe la 2011, ndipo ku Malawi ndi MEPA, pansi pa lamulo la 2017. Pemphani kuti lipoti lopita kumeneko likhale ndi manambala a m'chilimwe, a pamalo oyerekezera, ndi mapepala enieni a ku labotale. Komiti ya m'mudzi yoona za chilengedwe isunge buku lakelake la manambala a zikhomo, zithunzi ndi masiku, ndipo a mfumu adziwe komwe lili, chifukwa migodi imagulitsidwa, ogwira ntchito amasamuka, ndipo mwini watsopano akafika amafunsa poyambira.